Uchi Usathamangire Pamoto

"Alamu, kodi mwatiitanira chimanga kapena makala?"

Anafunsa choncho amuna awo a chemwali anga aakulu, atatukula chimanga chimodzi m'mwamba ngati umboni wa kukhoti. Sananame ayi. Kunja chinali bii, chonyezimira ngati phula, ndipo ataluma anakwinya nkhope: pamwamba kuwawa kwa chinthu chopserera, m'kati njere zosapsa, zozizira ndithu pafupi ndi chitsononkho. Ndinali nditawotcha zimanga 8 ndipo zonse zinatuluka chimodzimodzi. Ana anayesa kupala zakudazo ndi supuni, kenako anazisiya pambale mwakachetechete. Ulemu woterowo umapweteka kuposa kusekedwa.

Cholakwa changa n'chosavuta kuchifotokoza. Ndinaganiza ngati munthu wokonza nyama, amene amainyika m'zokometsera kwa maola angapo kuti zilowerere. Ndinasungunula batala, n'kuthiramo uchi ndi tsabola, n'kupaka chimanga chosaphika mpaka kuchita kudontha, kenako n'kuchigoneka pamakala amene anali atangoyaka kumene. Mphindi yoyamba fungo lake linali losaneneka, moti ndinayamba kale kudziyamikira mumtima. Mphindi yachitatu utsi unasintha fungo. Pofika yachisanu ndinali nditadziwa kuti zavuta, koma ndinapitirizabe kutembenuza, poti munthu akalakwitsa pamaso pa alendo amaganiza kuti kutakataka kubisa mlandu.

Chimanga si nyama. Njere iliyonse ili ndi kachikopa kake kolimba, kosalala, ndipo palibe uchi umene ungadutse pamenepo ngakhale muunyike usiku wonse. Chilichonse chimene mwapaka chimakhala kunja, maso ndi maso ndi moto. Ndiye funso lenileni si lakuti mupake chiyani, koma lakuti chopakacho chingapirire nthawi yotalika bwanji pamoto. Yankho lake ndi lakuti sichipirira.

Uchi uli ndi mitundu iwiri ikuluikulu ya shuga. Wochuluka ndi fructose, pafupifupi magawo 38 pa 100 alionse, wotsatira ndi glucose, cha m'ma 31, ndipo madzi ndi pafupifupi 17. Fructose ameneyu ndi wosachedwa kupsa mtima: amayamba kuda pa madigiri 110 okha, pamene shuga wa mutiyi amadikira mpaka cha m'ma 160. Makala oyaka bwino amapitirira madigiri 500. Tsono chimanga chachiwisi, chimene pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi madzi, chimafuna mphindi 10 mpaka 15 kuti kutentha kufike m'kati mwa njere. Uchi umangofuna mphindi imodzi kapena ziwiri. Kuziyika pamodzi kuyambira pachiyambi kuli ngati kuuza kamwana ndi munthu wamkulu kuti anyamule mtolo umodzi mtunda wofanana; wina agwa panjira, ndipo tikumudziwa kale.

Shuga akadutsa malire ake sabwerera. Amachoka pa kutsekemera, n'kufika pa kakomedwe kofiirira kaja kamene tonse timakafuna, kenako m'kanthawi kochepa kwambiri amasanduka chinthu chowawa. Pakati pa kukoma ndi kuwawa pali masekondi owerengeka. Ine ndinadutsa pamenepo ndikucheza.

Koma ndisanafike pa uchi, ndiyambe ndi chimangacho, chifukwa nthawi zambiri mlandu umayambira pogula kapena pothyola. Dowe wabwino amadziwika ndi chikhadabo. Fundulani pang'ono makoko kunsonga, dinani njere imodzi. Ikaphulika n'kutulutsa madzi oyera ngati mkaka, ndi chimenecho. Ikatulutsa madzi okhaokha ngati a pachitsime, n'chanthete, chikafota pamoto. Ikakana kuphulika, kapena ikatulutsa phala lolimba, chakhwima, ndipo mudzatafuna mpaka nsagwada kulira. Makoko akhale obiriwira ndi onyowa, ndevu zikhale zofiirira kunsonga koma zomatamata pang'ono pafupi ndi chimanga. Ndevuzi, tingonena podutsa, si zokongoletsera: ulusi uliwonse umalumikizana ndi njere yake imodzi, ndipo pamene mwaona mpata wopanda njere, ulusi wa pamenepo sunalandire mungu. Mizere ya njere nayo imakhala yogawika pawiri nthawi zonse, 12, 14, 16, choncho. Ana ndimawauza kuti amene apeze chimanga cha mizere 13 ndimupatsa mphatso. Amatanganidwa n'kuwerenga, ine n'kumawotcha mwamtendere.

Chimanga chikangothyoledwa chimakhalabe chamoyo, ndipo chimapitiriza ntchito imene chinkachita kumunda: kusandutsa shuga kukhala sitachi. Pamalo otentha, mitundu yakale ya chimanga chotsekemera imatha kutaya pafupifupi theka la shuga wake m'maola 24. N'chifukwa chake chothyoledwa m'mawa ndi chogona masiku atatu zimakhala ngati mbewu ziwiri zosiyana. Mu 1953 katswiri wina wa za mbewu pa University of Illinois, John Laughnan, anaonetsa kuti chimanga chokhala ndi chibadwa chotchedwa shrunken-2 chimalephera kupanga sitachi wambiri, motero shuga amangodzadzana m'njere. Kuchokera pa ntchito yake kunabwera mitundu yotsekemera kwambiri ija imene imakhalitsa osasukuluka. Izi zikukhudza mbaula yanu mwachindunji. Chimanga chotsekemera kwambiri chimapsa msanga, chimadanso msanga, ndipo uchi wake uyenera kuchepa. Chimanga wamba cha ufa, chothyoledwa chikadali dowe, chimafuna moto wodekha ndi nthawi yotalikirapo, koma ndi chimene chimagwirizana bwino ndi uchi, chifukwa chili ndi malo oulandirira.

Apa ndinene maganizo anga, ngakhale ena sagwirizana nawo. Chimanga chothyoledwa ola lomwelo sichifuna uchi. Kuchipaka n'kuchinyoza, mchere pang'ono basi. Uchi ndi tsabola zimaonetsa mphamvu yake pa chimanga cha dzulo, chimene shuga wake wayamba kuthawa. Pamenepo mukubwezera chimene nthawi yaba.

Pali mkangano wakalekale wa makoko: kuwotcha chovala kapena chovula. Ndayesa zonse. Chowotchera m'makoko chimaphikidwa ndi nthunzi yakeyake, chimatuluka chofewa ndi chamadzi, koma kunena zoona ndi chimanga chophika chimene changodutsa pafupi ndi moto. Chilibe timadontho tofiirira tija, ndipo chopaka chimatsetsereka panjere zonyowa ngati madzi pa tsamba. Chovula chimauma pang'ono kunja, chimalandira utsi, ndipo kuumako ndi kumene kumagwira uchi. Ine ndili kumbali ya chovula. Chimene ndimachita n'kukokera makoko kumbuyo osawadula, kuchotsa ndevu, n'kumanga makokowo ndi kachingwe kong'amba pa khoko limodzi. Amasanduka chogwirira. Muwasiye alendewere kunja kwa waya, apo ayi agwira moto. Zonyika chimanga m'madzi kwa theka la ola zimathandiza amene akuwotchera m'makoko, kuti makokowo asayake. Kwa chovula n'kungochedwetsa ntchito, chifukwa madzi onsewo moto uyenera kuyamba wawaumitsa chimanga chisanayambe kufiira.

Za moto ndilankhula mwachidule, poti lamulo lake ndi limodzi: malawi sawotcha, amadetsa. Dikirani makala avale phulusa loyera. Kenako akankhireni mbali imodzi, kuti mukhale ndi kotentha kwambiri ndi kofunda chabe. Kofundako ndi kothawira zinthu zikafika povuta, ndiponso ndi kumene uchi udzagwirire ntchito. Ikani dzanja motalikirana ndi waya ngati kutalika kwa chikhatho. Mukatha kuwerenga mpaka 4 kapena 5 musanalichotse, moto uli bwino. Mukachotsa pa 2, dikiranibe.

Chimanga chipite pamoto chili chokha, kapena chongopukutidwa ndi timafuta tophikira tochepa zedi. Batala ayi pakadali pano, chifukwa tinthu ta mkaka timene tili m'batala timayamba kupserera cha m'ma madigiri 150. Muzitembenuza pang'onopang'ono, kagawo kakang'ono mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse. Poyamba palibe chooneka. Kenako njere zimasintha mtundu, zimawala ngati zanyowa, ndipo mumayamba kumva kuthetheka, mwa apo ndi apo njere imodzi n'kuphulika kuti phu! Timadontho tofiirira tikayamba kuoneka, ndiye kuti kunja kwa njere kwauma mokwanira kuti kutentha kudutse madigiri 100 amene madzi ankakugwirira. Cha m'ma 140 shuga ndi mapuloteni a m'njere amayamba kugwirana n'kupanga fungo lija limene limaitana anthu a nyumba yachitatu. Amene anayamba kulongosola zimenezi ndi Mfalansa Louis-Camille Maillard, mu 1912, ngakhale iye maganizo ake sanali pa zophika. Kakomedwe kameneka ndi ka chimanga chenichenicho, ndipo uchi sungakalowe m'malo. Tsiku lija ndinakaphonya chifukwa uchi unada chimanga chisanafike n'komwe pamenepo.

Pamene chimanga chikupsa, kapoto kakang'ono kakhale kumbali yofunda ija. Pa zimanga 6 ndimathira masupuni aakulu 3 a batala, 2 a uchi, theka la kasupuni ka tiyi ka mchere, kambewu kamodzi ka adyo kosinja bwinobwino, ndi tsabola wouma wosinja, kuyambira theka la kasupuni mpaka kodzadza, malinga ndi amene akudya. Batala ndi tsabola ndi adyo ziyambe zokha, zifunde limodzi mphindi ziwiri, uchi ubwere pambuyo. Ndimu asalowe mupoto. Ntchito yake ili kumapeto.

Kuyamba ndi batala kuli ndi chifukwa chake. Chimene chimawawa mu tsabola, capsaicin, sichisungunuka m'madzi koma m'mafuta. Mukawaza tsabola wouma pachimanga, ukali umakhala m'malo mwa apo ndi apo: poluma apa palibe kanthu, poluma apo misozi. Mukamusungunulira m'batala, ukaliwo umamwazikana mofanana ndipo umafika pang'onopang'ono. N'chifukwa chomwechonso madzi sathandiza munthu amene tsabola wamupweteka, koma mkaka umathandiza. Shuga naye amaziziritsa ukaliwo pang'ono. Chaka chomwe chija cha 1912, wazamankhwala wa ku America Wilbur Scoville anapanga muyeso wa ukali wa tsabola, ndipo njira yake inali yosungunula madzi a tsabola m'madzi a shuga, kuwonjezerawonjezera mpaka olawa atasiya kumva kuwawa. Nambala ya muyesowo imanena kuchuluka kwa kusungunulako. Tsabola wa mtundu wa jalapeño amakhala pakati pa 2,500 ndi 8,000, cayenne pakati pa 30,000 ndi 50,000, habanero kuyambira 100,000 kupita m'mwamba. Choncho kunena kuti "kasupuni kamodzi ka tsabola" osatchula mtundu wake n'kusocheretsa munthu. Lawani wanuyo kaye.

Ndipo mulawe chopakacho chikadali chotentha. Izi ndinaziphunzira movutikira tsiku lina pamene ndinalawa chozizira, n'kuona ngati chafatsa, n'kuwonjezera tsabola kawiri. Pachimanga chotentha chinasanduka chilango. Mu 1997 David Julius ndi anzake ku University of California, San Francisco, anapeza kachipata ka m'mitsempha, TRPV1, kamene capsaicin amatsegula, ndipo anapezanso kuti kachipata komweko kamatseguka kutentha kukapitirira madigiri 43. Ntchitoyi inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2021, limodzi ndi Ardem Patapoutian. Tanthauzo lake kwa ife owotcha ndi lakuti lilime silisiyanitsa moto wa makala ndi moto wa tsabola. Zonse zimagogoda pakhomo limodzi, ndipo zikabwera pamodzi chitseko chimatseguka kwambiri. Mbalame zilibe vuto limeneli, kachipata kawo sikamva capsaicin, n'chifukwa chake zimajompha tsabola ngati chipatso china chilichonse.

Amene akonda tsabola wamuwisi adziwe kuti ukali wambiri suli m'njere monga timanenera, koma m'kanyama koyera kamene njerezo zimamatirira. Kuchotsa kanyamako kumasiya fungo la tsabola n'kuchepetsa ululu. Mukatha kudula, sambani m'manja ndi sopo musanagwire kumaso. Sindifotokoza mmene ndinadziwira. Pa zonse zimene ndayesa, tsabola wouma wofukizidwa ndi utsi ndi amene amagwirizana kwambiri ndi uchi, monga chipotle, amene ndi jalapeño wakupsa woumitsidwa pautsi. Dzinalo ndi la Chinahuatl, chilankhulo cha Aaziteki a ku Mexico, ndipo n'zosadabwitsa: chimanga ndi tsabola wa mtundu umenewu kwawo ndi kumodzi. Chimanga chinachokera ku udzu wotchedwa teosinte, m'chigwa cha mtsinje wa Balsas ku Mexico, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, udzu wa tinjere tosapitirira 12 totsekeredwa m'zikamba zolimba. Mpaka lero m'misewu ya kumeneko amagulitsa elote, chimanga chopaka mayonezi, tchizi chouma, tsabola ndi ndimu. Chinthu chimodzi ndinachiona pa kachitidwe kawo: zopaka zonsezo zimabwera chimanga chitachoka kale pamoto.

Tsopano mphindi imene nkhani yonseyi yagonera. Chimanga chapsa, timadontho tofiirira tazungulira, njere ikafinyidwa ikufewa. Chisunthireni kumbali yofunda. Tengani kaburashi, kapena khoko limodzi lopindidwa ngati mulibe, n'kupaka mopyapyala. Ndikubwereza: mopyapyala. Chimene chikudontha chapita ku makala, ndipo batala akagwera pamakala amadzutsa malawi, tsabola akagwera pamakala amatulutsa utsi umene ungatsokomoletse bwalo lonse. Pakani mbali ya pamwamba, tembenuzani, pakani inayo. Apa foni ikalira isiyeni ilire. Maso akhale pa mipata ya pakati pa mizere ya njere, chifukwa ndi mmene uchi umasonkhana. Mudzaona tithovu ting'onoting'ono tikuwira. Tikayamba kuchedwa kuphulika, ngati tatopa, ndiye kuti madzi a mu uchi atha ndipo shuga wayamba kugwira. Tembenuzani. Mbali iliyonse masekondi 20 kapena 30, chimanga chonse osapitirira mphindi ziwiri. Mtundu wofunika ndi wa tiyi wopanda mkaka akamawala padzuwa. Mphuno imadziwa maso asanaone: fungo likangoyamba kubaya, chotsani, ngakhale mbali ina isanafike.

Chikafika pambale ndimapakanso kachiwiri, pang'ono pokha. Kupaka koyamba kwapita pamoto ndipo kwasanduka kachikopa komata, kofiirira. Kwachiwiriku kumabweretsa fungo la uchi weniweni, la maluwa, limene moto umalithamangitsa. Kenako ndimu. Anthu ambiri amaona ngati ndimu ndi wongokongoletsa mbale, koma popanda iye chimanga chotere chimatopetsa mukangofika pakati. Kutsekemera pamwamba pa kutsekemera, mafuta pamwamba pake, pakamwa pamalemera. Madontho ochepa owawasa amadula zonsezo, ndipo mumapezeka mwatambasulira dzanja chachiwiri. Mchere wina wowaza pamwamba, wa mibulu ikuluikulu ngati ulipo, umagwira ntchito yofananayo.

Dikirani mphindi ziwiri musanagawire anthu. Shuga wosungunuka amatentha kuposa madzi owira ndipo amamata pamlomo, sachoka msanga. Komanso ngati pali khanda losakwana chaka, lisalawe ngakhale pang'ono: uchi umatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda a botulism kwa makanda, ndipo kutentha kwa pambaula sikutipha.

Wopanda uchi asadandaule. Shuga wofiirira wosungunulira m'batala ndi kasupuni ka madzi amachita bwino, ndipo amakhululuka kuposa uchi chifukwa amachedwa kuda. Kungoti fungo lake ndi losalira zambiri. Mvula ikagwa, chiwaya chokhuthala chachitsulo pachitofu chimatha kugwira ntchito ya makala; utsi wokha ndi umene mudzausowe.

Panapita miyezi ingapo alamu aja asanabwerenso pa tsiku la chimanga. Sindinawauze kuti ndakhala ndikuyeserera. Anakhala pampando pafupi ndi mbaula, manja atapinda, kuyang'ana chimanga chikupsa chopanda kanthu.

"Lero uchi mwausiya, alamu? Mwachita bwino."

"Ukubwera," ndinatero.

Anapukusa mutu. Nditayamba kupaka anasendeza mpando kumbuyo, ngati munthu amene akudziwa utsi umene ukubwera. Utsiwo sunabwere. Ndinawapatsa choyamba, chogwirira cha makoko chili kwa iwo. Anachitembenuza mbali zonse kufunafuna pakuda, n'kupeza kadontho kamodzi kunsonga, n'kundilozera osalankhula. Kenako analuma. Anadya mzere woyamba mpaka kumapeto, wachiwiri, wachitatu, uchi ukuyenderera m'ndevu zawo. Thukuta linayamba pamphumi. Chemwali anawafunsa ngati akufuna madzi, iwo anakana ndi dzanja.

Atamaliza anaika chitsononkho pambale, n'kunyambita chala chachikulu.

"Mchere wachepa," anatero. "Pa chinacho muwonjezere."